Ikuti ngwe kapena ikuti tchi?

Phokosolo ndinalimva koyamba m'mawa wina mu June, ndili pageti la nyumba yomwe ndimachita lendi ku Rosettenville. Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo m'chisanu udzu umadzuka utayera. Nditaliza njinga yanga yamoto, inayankha ndi mawu ake a masiku onse aja, du-du, du-du, koma pansi pake panali kaliwu kena kachilendo.

Njingayi ndi yaikulu, ya ku Japan, ya 1100cc, yampando wotsika ndi zogwirira zotambalala. Ana a m'dera lathu amaitcha Harley-Davidson, ine sindiwatsutsa. Ndinaigula yogwiritsidwapo kale ndi ndalama za buku lomwe ndinamasulira kwa miyezi isanu ndi inayi. Amayi atamva mtengo wake pafoni anangoti, "Mwanawe, njinga yamoto ngati ya kabaza ija?" Ndinawafotokozera kuti iyi ndi ina, koma mpaka lero sakumvetsa chifukwa chake munthu wopita kusukulu angalipire ndalama ya galimoto n'kumanyowabe ndi mvula.

N'chifukwa chake kaliwuko kanandisowetsa tulo. Fizi ya mlongo wanga wa Fomu 4 inali ikudikira ine. Chikanakhala chovuta m'kati mwa injini, ndalama yonse ikanathera m'menemo, ndipo amayi akanapambana mlandu osayankhula n'komwe.

Ndinapita nayo ku Mayfair kwa madala ena a ku Mangochi omwe akonza njinga kuno zaka zambiri. Ndinawauza vutolo ndi liwu limodzi la Chingerezi lomwe ndinalipeza m'buku la njingayo. Iwo anapukusa mutu.

"Achimwene, si inu omasulira mabuku? Ndiuzeni m'Chichewa. Ikuti ngwe, ikuti go, kapena ikuti tchi?"

Ndinachita manyazi. Kusukulu tinaphunzira mvekero, ndipo pa ntchito yanga ndimalimbana nawo tsiku ndi tsiku, koma sindinaganizepo kuti angagwire ntchito m'galaja. Madalawo anandimasulira. Ngwe ngwe ngwe wopyapyala wochokera pamwamba ndi mavalavu, mpata wake ukakula, amenewo n'kungowatchuna. Go go go wolemera wochokera pansi, wokula ukakoka mafuta pachitunda, ndi mabeyaring'i a m'kati, ndipo ameneyo ndi maliro a thumba. Palinso kulira kofanana ndi timiyala m'chitini, petulo akamayaka nthawi yake isanakwane, koma anati kuno sikuchitikachitika popeza mpweya ndi wopepuka. N'chifukwa chake pamafilingi a ku Joni pamapezeka petulo wa 93 pomwe ku Durban amathira wa 95. Anandikumbutsanso kuti injini yozizira ndi mphepo ngati yangayi ilibe madzi oizungulira omeza phokoso, choncho imalongolola mwachibadwa, ndipo si kulira kulikonse komwe kuli matenda.

"Tsono yanuyi ikuti chiyani?"

Tinailiza, koma inali itatentha ndi ulendo, ndipo kaliwuko kanali katatsala pang'ono kuzimirira. Madalawo anamwetulira ngati amva zomwe amafuna. Anandiuza kuti ndiisiye, ndibwerenso m'mamawa ikadali yozizira.

Kutacha anandipatsa sikuludiraiva yaitali. Nsonga yake anaigunditsa pamutu pa silinda yakutsogolo, chogwirira n'kuchiika pakhutu langa. Ndinamva zitsulo zikuyenda mwadongosolo ngati makina osokera. Tinasuntha kupita pa silinda yakumbuyo, kenako pansi. Paliponse bwinobwino. Koma ndikachotsa khutu pa sikuludiraiva, kaliwu kaja kamamveka poyera.

Pamenepo ndinakumbukira agogo anga aamuna, omwe anabwera kuno pa Wenela m'zaka za m'ma 1960. Ankatiuza kuti asanayambe ntchito mumgodi ankagogoda denga ndi chitsulo. Mwala wolimba umalira mokweza, wofuna kugwa umalira ngati ng'oma yobooka. Ife ana tinkaseka momwe ankatsanzirira, osadziwa kuti iwo anabwerako amoyo chifukwa cha khutu lomwelo.

Ndinatseka maso. "Madala, ikuti tchi. Tchi tchi tchi."

"Eya. Ndiye si chitsulo chimenecho, ndi mpweya."

Analoza polumikizira ekizozi ndi silinda yakumbuyo. Panali kamzere ka mwaye wakuda. Nditayandikitsa dzanja ndinamva kampweya kakundiwomba pachikhatho. Chitsulo chikazizira chimafupika, mpata n'kutseguka; chikatentha chimafufuma n'kudzitseka chokha. N'chifukwa chake phokosolo linkakonda m'mawa, ndipo linadikira chisanu kuti lionekere.

Wolakwa ndinali ine. Mu April ndinamasula ekizoziyo kuti ndiipukute iwale, pokonzekera ulendo wa Lamlungu wa ku Hartbeespoort komwe okwera njinga a ku Gauteng amakonda kukadyera kadzutsa. Pobwezeretsa ndinaikamo gasiketi yakale yomweyo, ndipo manati sindinawamangenso injini itatentha n'kuzizira. Gasiketi yatsopano inali yotsika mtengo kuposa petulo wodzaza thanki. Fizi ndinatumiza Lachisanu lomwelo.

Ndinabwerera pa desiki yanga ndili ndi kachizolowezi katsopano. Chiganizo chikamandivuta, ndasiya kungonena kuti sichikumveka bwino. Ndimachiwerenga mokweza, n'kudzifunsa pomwe penipeni pakuchokera phokoso, komanso ngati n'lofunika kuphwasula ndime yonse kapena kungomanga liwu limodzi. Kale ndinkaphwasula zambiri zomwe zinalibe vuto.

Amayi sindinawauze za nkhaniyi. Sabata yatha ndinawaimbira ndili pageti, injini ikutenthera. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Chinjinga chako chija ndi chimenecho? Chikulira ngati chigayo cha pa Nsundwe."

Ndinamvetsera nanenso. Kunena zoona, sananame.