Maziko a tchalitchi atseka njira ya ku mjigo ku Chitala

Inu anzanga a pa msika amene mumaponya kangachepe m'mbale ya zomangamanga Lamulungu lililonse, khalani pansi mumve, nkhaniyi ndi yanu.

Sabata yatha ndidakwera minibasi pa depoti ya Lilongwe kupita ku Chitala m'boma la Salima kukaona azakhali anga. Titadutsa pa Chezi ndi pa Mvera msewu udayamba kutsetsereka, kamphepo ka ku Dowa kadatsalira kumbuyo, ndipo aliyense adayamba kuvula juzi. Chigawo chotsiriza ndidayenda pa kabaza, fumbi lili koboo, malambe ali ndandanda uku ndi uku.

Ku Chitala nyanja suyiona koma umayimva: kutentha kwake, ndi fungo la usipa umene anyamata amabwera nawo pa njinga kuchokera kugombe. Kuno ndi kwa thonje ndi mtedza. Kuli siteshoni ya boma ya kafukufuku wa zaulimi, ndipo mtundu wina wa mtedza umene ena a inu mumayeza pa ndowa umatchedwa Chitala, dzina la dera lomweli.

Azakhali amagulitsa mandasi ndipo amadzuka 3 koloko m'bandakucha kukanda ufa. Kuseri kwa nyumba yawo kudali bwalo loyanikapo mtedza ndi kanjira kopita ku mjigo. Ulendo uno ndidapeza maziko okumbidwa kale, uvuni wa njerwa ndi chisakasa cha malata chokhala ndi zimkuzamawu ziwiri. Mpingo wina watsopano, umene sinditchula dzina, udapeza malowo kuchokera kwa bambo wina amene adasamukira m'tauni.

"Mwanawe, ine ndi Mulungu tilibe mlandu," adatero azakhali. "Koma osatifunsako? Tidangodzuka n'kuona anthu akukumba. Pano kuti nditunge madzi ndimazungulira nyumba zisanu, ndowa ili pamutu. Lachisanu amachezera, ine tulo osatiwona."

Ndidapita kukaonana ndi mkulu wa mpingowo. Munthu waulemu zedi, adandipatsa mpando wake iye n'kukhala pa njerwa. Adatulutsa pepala long'amba mu kope, lokhala ndi chidindo cha amfumu. Nditafunsa za pulani ndi chilolezo cha ku khonsolo adaseka. "Achimwene, kumudzi kuno? Zimenezo ndi za m'tauni. Amfumu adavomera, basi."

Kunena zoona mkuluyo sadali kuchita chipongwe. Kale zinkatheradi pompo. Mu 1889, pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed ankatsegula mishoni ku Mvera komwe ndidadutsa kuja, chilolezo chawo chidali mawu a mfumu Chiwere. Ndiye anthu adazolowera kuti mfumu ikagwedeza mutu, umbani njerwa.

Chiyambireni matipate mipingo yachuluka ngati bowa. A Mboni za Yehova amene adaletsedwa mu 1967 adamasulidwa mu 1993, ndipo malamulo aakulu a dziko a 1994 adapatsa aliyense ufulu wopembedza. Ufulu umenewo ndi wabwino, palibe amene akufuna kubwerera m'mbuyo. Koma ufulu wopembedza si chilolezo chomangira pakhomo pa mnzako.

Mvetsetsani apa. Lamulo la mapulani la 1988 linkaluma kwambiri m'mizinda ndi m'matauni. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lina, Physical Planning Act, limene lidaika dziko lonse pansi pa mapulani, Chitala yemwe. Chaka chomwecho padabweranso lamulo la malo a m'midzi, Customary Land Act, limene limati nkhani za malo ziziyendetsedwa ndi komiti: agulupu ngati wapampando, ndi anthu 6 osankhidwa, mwa iwo amayi osachepera atatu. Ndiye kuti chidindo cha amfumu ndi chiyambi chabe. Nyumba yosonkhanamo khamu imafuna pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, imene imaona ngati malowo ndi oyenera, ngati pali zimbudzi, ndiponso ngati njira za anthu zasiyidwa. Womanga popanda chilolezo angathe kuimitsidwa, mwinanso kulamulidwa kugumula.

Tsono funso ndi ili: zikafika pogumula, watsala m'madzi ndani? Pa chisakasa paja ndidapeza amayi anayi akutunga madzi a omanga. Awiri amagulitsa tomato, mmodzi usipa, winayo makala. Matumba a simenti ali pamenepo agulidwa ndi phindu la pa benchi, ndalama yopezeka dzuwa la ku Salima likuswa mtengo. Iwowo sadaonepo pepala lililonse. Adangomva kuti zonse zili bwino, n'kuyankha kuti ameni. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Choseketsa n'chakuti mandasi amene omangawo amamwera tiyi ndi a azakhali anga omwewo. M'mawa amalandira ndalama yawo, madzulo amadandaula. Si adani ayi. Chasowa ndi kukhala pansi basi, ndipo njerwa zisanaumbidwe nkhaniyi ikadatha ndi mphasa imodzi pansi pa mtengo wa mango.

Ndisananyamuke mkulu uja adabwera yekha kwa azakhali, chipewa chili m'manja. Adati akakamba ndi anzake kuti khoma alisunthe asiye kanjira, ndiponso kuti apita ku boma ku Salima akafunse za pulani. Za zimkuzamawu sadalonjeze kanthu. Azakhali adangoti, "Tiona, bambo."

Inu a ku Tsoka, ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Mzuzu, tsiku limene adzalengeze za thumba la zomangamanga, kwezani dzanja mwaulemu mufunse zinthu zitatu. Malowo ali m'dzina la mpingo kapena la munthu? Khonsolo yavomereza pulani? Nanga oyandikana nawo afunsidwa? Kufunsa si kusowa chikhulupiriro, ndalamayo ndi yanu.

Pamene kabaza ankandinyamula, ndidacheuka. Azakhali adali atasenza ndowa, akukhota pa nyumba yoyamba mwa zisanu zija.