Kodi Timwe Madzi Ochuluka Bwanji?

Ife a ku Monkey Bay nyanja tili nayo pakhomo, koma ludzu silichita nafe manyazi. Mwezi wa Okutobala ukafika, miyala ya m'mapiri a ku Nankumba imatentha ngati chiwaya, ndipo dzuŵa lisanafike pamutu malaya amakhala atanyowa kale. Ndi nyengo imeneyi pamene timayamba kufunsana m'mabanja mwathu: kodi munthu ayenera kumwa madzi ochuluka bwanji pa tsiku?

Ana a sukulu sachedwa kuyankha kuti makapu 8. Chiŵerengerochi ambiri amati chidachokera ku America, kumene mu 1945 akatswiri a zakudya adalemba kuti munthu wamkulu afunika malita aŵiri ndi theka pa tsiku, nawonjeza kuti ambiri mwa madziwo ali kale m'zakudya. Anthu adagwiritsa mawu oyambawo, achiŵiriwo nkuwataya panjira. Mu 2010 akatswiri a ku Ulaya adati malita 2 kwa mayi, malita aŵiri ndi theka kwa bambo, kuŵerengera pamodzi zakudya ndi zakumwa zonse. Choncho phala, nsima, msuzi wa chambo, mango, thobwa ndi tiyi, zonsezi zili m'kati mwa muyesowo.

Komatu muyeso umenewu ndi wa munthu wa kumalo kosatentha kwambiri, wogwira ntchito yopepuka. Msodzi wopalasa bwato masana, kapena mnyamata wosenza matumba padoko Ilala ikakocheza, angathe kutaya lita yathunthu ya thukuta pa ola limodzi lokha. Ameneyu makapu 8 amatha tsiku lisanapendeke. Mayi woyamwitsa afunika kuwonjezera makapu ngati atatu, pamene khanda lake losakwana miyezi 6 silifuna madzi konse, pakuti bere limalikwanira.

Nanga tidziŵa bwanji? Mutikhululukire potchula zosatchulika pagulu, koma mboni yokhulupirika ndi mkodzo. Ukakhala woyererako, thupi lakhuta. Ukachepa nkuda ngati tiyi wopanda mkaka, thupi likudandaula. Koma ukaoneka ndi magazi, ife a kunyanja tiyambe taganiza za likodzo, ndipo mankhwala ake ali kuchipatala, osati mumtsuko.

Otidetsa nkhaŵa kwambiri ndi agogo athu. Munthu akamakalamba ludzu salimva msanga, ngakhale thupi likuuma. Pamwamba pa izi, ena adaleredwa ndi lamulo lakale loti wofuna kulandira Ukaristia asalaŵe kanthu, ngakhale dontho la madzi, kuyambira pakati pa usiku. Papa Pius XII adachotsa madzi pa lamuloli mu 1953, ndipo mu 1964 Papa Paul VI adafupikitsa kusalako kukhala ola limodzi. Koma zimene mtima udazoloŵera sizichoka ndi kalata ya ku Roma, ndipo mwambowu udapatsirana m'mabanja ena mpaka lero. Timaŵaona Lamulungu mmaŵa, atayenda mtunda wautali kukhosi kuli gwaa, nayamba chizungulire Misa ili m'kati. Changu chawo timachilemekeza, ndipo chimatichititsa manyazi ife ochedwa kudzuka. Komabe Mpingo sufuna kuti akomoke pa benchi. Ndi udindo wa mdzukulu kugwada ndi chikho asananyamuke, nkunena kuti, "Agogo, imwani, madzi saononga kusala kwanu."

Chikhocho chikhalenso cha madzi abwino. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno, ndipo boma lathu la Mangochi lidali limodzi mwa maboma okhudzidwa koposa. Madzi otunga m'mbali mwa nyanja, ngakhale aoneke mbee, ngofunika kuŵiritsa kapena kuthira klorini.

M'nyumba zina mwathu muno adapeza njira yosavuta. Mmaŵa amadzazira agogo kachigubu ka malita 2, nakaika pafupi ndi mkeka pamthunzi. Dzuŵa likamaloŵa, amene akupita kukawapatsa moni wa madzulo amakanyamula nkukagwedeza.