Lendi Si Yonse Yodya

Atate atamwalila mu 2022 anatisiyila zipinda zisanu na cimodzi ku Chawama, za mzele umodzi, cimbudzi cimodzi kumbuyo na pompi pabwalo. Tili atatu, ndipo panthawiyo palibe amene anali atakwanitsa zaka 30. Pa malilo pomwepo acibale anayamba kutiitana alandilodi, ise n'kumamwetulila mobisa. Tinawelengela mwamsanga: cipinda ciliconse K700, zonse K4,200 pa mwezi, aliyense K1,400 osatuluka thukuta. Tinagawana conco mwezi na mwezi mpaka ngwee yothela.

Cimene sitinadziwe n'cakuti atate sanali kudya lendi yonse. Kabuku kawo tinadzakapeza mocedwa m'sutikesi. Mwezi uliwonse lendi ya cipinda cimodzi anali kuilemba payokha kuti "ya nyumba". Ise tinali titadya na ya nyumba yomwe.

Nyumba inabwela kudzatenga ndalama zake mu January 2024. Mvula inagwa masiku otsatizana, cimbudzi cinasefukila, khoma limodzi n'kugwela mkati. Ni nthawi ija kolela inavuta mu Lusaka mpaka Heroes Stadium inasanduka cipatala. Amayi a m'cipinda ca kumapeto, amene anali pamenepo kuyambila ise tili ku pulaimale, anatiitana n'kutiuza modekha kuti, "Ana anga, ine nili na adzukulu, siningayembekeze." Anasamuka, mabanja ena awili n'kuwatsatila. Theka la lendi linapita pa sabata imodzi, ndipo tinalibe ngakhale ya thumba limodzi la simenti. Tinatenga kaloba. Amene anatengapo kaloba adziwa mmene tulo timathawila tsiku lobweza likayandikila.

Lomba lendi ya cipinda cimodzi siipita m'thumba mwa munthu. Imalowa pa nambala ya mobile money yapadela, ndipo kuti ituluke tiyenela kuvomela tonse atatu. Cimbudzi timacipopetsa mu September, malata timakwela kukawaona mu October mvula isanayambe. Kucita zimenezi kunja kuli dzuwa n'kochipa. Kucita madzi ali m'maondo, womanga aliyense amachula mtengo umene afuna.

Malaiti ndiwo anali nkhondo ina. Mita imodzi, mabanja asanu na limodzi, mayuniti akatha aliyense aloza wa sitovu, wa sitovu aloza wa filiji. Tinakhala pansi na onse, tinalemba zimene aliyense amalumikiza, ndipo wa zambili amasonkha zambili. Mapokoso sanathe, koma anacepa.

Pepala nalo tinaliphunzila movutika. Msuweni wathu wina anakhala miyezi isanu osalipila, tikamufunsa akuti, "Si nyumba ya amalume iyi?" Anzathu anatilangiza kuti tizule citseko, mmene ena amacitila m'komboni. Tinakana, cifukwa munthu akakana kucoka, womucotsa ni khoti. Ukazula citseko mlandu umatembenukila iwe. Anadzacoka akulu a pabanja atalowelelapo. Kucokela apo aliyense wolowa, wacibale kapena ayi, amasaina tsamba limodzi: nambala ya NRC, lendi, tsiku lolipila, dipoziti, na notisi ya mwezi umodzi kumbali zonse ziwili. Akalipila timalemba lisiti, ngakhale ya theka.

Kwa inu amene musunga ndalama kuti mugule pulote mumange zipinda: musapeleke ngwee musanaone mapepala. M'makomboni ambili cimene mwini ali naco ni occupancy licence ya ku khonsolo, ya zaka 30, osati taito ya zaka 99 ya ku Ministry of Lands. Pitani nokha kumene pepalalo linacokela mukaone ngati dzina lilipo ni la amene akugulitsani. Wina akakuuzani kuti "mapepala abwela pambuyo", bwezani ndalama m'thumba. Ifenso yathu inali ikali m'dzina la atate, ndipo kuisintha kunatidyela maulendo ambili.

Masiku ano aliyense wa ise amalandila K1,100 na kakang'ono. Zipinda zonse zili na anthu, cimbudzi n'ca mabuloko. Amayi aja tinakumana nawo pa Soweto Market mwezi watha, tinawauza kuti cipinda cawo cikatseguka tidzawaitana. Anaseka, anatifunsa za mlongo wathu, koma za cipinda sanayankhe.