Prado yotentha thupi ku Biwi Triangle

Ukachoka ku Old Town mu Lilongwe n'kutsata msewu wa M1 wolowera ku Blantyre, Biwi Triangle umayamba kuimva usanaione: nyundo pachitsulo, makina owotcherera, wina akuponda moto kuti amvetsere injini. Dothi la kuno linada kalekale ndi oyilo. Magalimoto ena akhala pa miyala mpaka udzu kumera pansi pake. Usanatseke n'chitseko chomwe, anyamata akuzinga kale: "Bwana, chavuta n'chiyani? Sipeya ilipo!"

Ndinadutsa timashopu ta masipeya, momwe mafanibeluti alendewera pa misomali ndipo marediyeta akale asanjikizana mpaka kudenga. Katundu wina ndi watsopano, wina anamasulidwa ku magalimoto a ngozi, ndipo wogulitsa amakufunsa poyera ngati ukufuna chenicheni kapena chotchipa. Kuseri kwa timashoputo, pansi pa denga la malata, panali Toyota Prado yakale, boneti ili m'mwamba, pansi pake chithaphwi cha madzi adzimbiri.

Injini yake ndi 1KZ-TE, ya dizilo, ya malita atatu, yomwe Toyota inayamba kupanga mu 1993. Amakaniko amaitama kuti ndi yolimba, koma ikatenthetsa siikhululuka. Hedi yake ndi ya aluminiyamu pamene thunthu la injini ndi lachitsulo, ndipo kutentha kukapyola muyezo hediyo imapindika kapena kung'aluka. Mwini galimotoyo, mayi wachikulire, anati muvi wa kutentha unakwera akukwera phiri kuchokera ku Golomoti kulowera ku Dedza, m'dzuwa la Okutobala, ndipo anaima pomwepo.

"Mwachita bwino kuima, mayi," anatero mmisiri wamkulu. Anagwira fani n'kuigwedeza, ndipo inasewera uku ndi uku ikulira gwede gwede. Bering'i ya pampu ya madzi inali itatha. Kenaka anatiwunikira kabowo kakang'ono kunsi kwa pampuyo, komwe opanga anaika dala kuti madzi azidontha chotsekera cham'kati chikatha. Mzere woyera wa madzi ouma unkaonetsa kuti kudontha kunayamba kale.

Kumasula sikunatenge nthawi. Mnyamata wophunzira ntchito anakhetsa madzi m'beseni, anachotsa fani ndi malamba, mabawuti akuwaika m'chitini kuti asasowe m'dothi. Pampu itatuluka, mapiko ake oyendetsa madzi anali atadyeka ndi dzimbiri ngati khasu lolima zaka zambiri. Pampu yotere imazungulira ndithu, koma madzi sayenda mokwanira, ndipo pamalo athyathyathya sungadziwe kanthu mpaka phiri likufunse.

Apa m'pamene ndinaona kusiyana kwa mmisiri ndi womanga mabawuti chabe. Pampu yatsopano inali kale pabenchi, koma mkuluyo sanaithamangire. Anayamba wamasula pamalo pa thermostat, n'kupeza mulibe kanthu. Wina anaichotsa kale. Chizolowezi chimenechi chafala: amati kuno kumatentha, thermostat ndi ya ku Japan kozizira, ichotsedwe madzi aziyenda momasuka. Ine sindigwirizana nazo, ndipo mmisiriyo anapukusa mutu. Kachipangizoka kamatseka njira yopita ku rediyeta injini ikadali yozizira, n'kutseguka kutentha kukafika cha m'ma 82 digiri. Kakachotsedwa, injini imachedwa kufunda m'mawa, imamwa dizilo wambiri, imatha msanga, ndipo vuto lenileni lomwe linkatenthetsa galimoto limangobisika. Thermostat yatsopano anaiyesa kaye m'poto wa madzi otentha pa mbaula ya mayi wogulitsa tiyi pafupi, tonse tikuona ikutseguka pang'onopang'ono.

Rediyeta anainyamula anyamata awiri kupita nayo kwa katswiri wake, mizere iwiri kutsogolo. Kumeneko ndi dziko lina: fungo la mtovu wosungunuka, mgolo wodula pakati wodzaza madzi. Amatseka makomo a rediyeta, kuipopera mpweya n'kuimiza, ndipo pomwe patuluke thovu ndiye pobowoka. Iyi sinabowoke, koma timipaipi take tam'kati tinali titatsekeka ndi matope ofiira. Ndiyo mphatso ya madzi a pampopi ndi a pamjigo, amene ambiri amangothira poganiza kuti madzi ndi madzi. Coolant ali ndi mankhwala oletsa dzimbiri, ndipo ndiwo akanapulumutsa mapiko a pampu aja.

Chivindikiro cha rediyeta nachonso chinatayidwa, rabara yake itauma. Ambiri amachipeputsa, koma Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuno madzi amawira asanafike 100 digiri. Chivindikiro chabwino chimapanikiza madzi kuti asawire msanga. Mapaipi awiri a rabara otupa anasinthidwa, ndipo mmisiriyo anazungulitsa fani ndi dzanja kuti amve ngati kalachi yake, yomwe imagwira ntchito ndi mafuta a silikoni, ikadali ndi mphamvu.

Pomanga, anapala gasiketi yakale mpaka chitsulo kuwala, n'kumanga mabawuti mosinthanasinthana. Mnyamata uja atafuna kukoka sipanala ndi mphamvu zonse, anamuletsa: "Pang'onopang'ono mphwanga, ukadula bawuti umo tigona pano." Anathira coolant wofiira, n'kuliza injini chivindikiro chili chotsegula, hita ya m'kati atayatsa kuti mpweya wotsalira utuluke. Kenaka onse anaweramira pakamwa pa rediyeta. Thovu loyamba ndi mpweya chabe, koma likapitirira osaleka ndiye kuti gasiketi ya hedi yapsa kapena hediyo yang'aluka, ndipo mtengo wa ntchito umasinthiratu. Linatuluka kangapo n'kusiya. Anasololanso kachitsulo koyezera oyilo, n'kupeza oyilo ali wakuda bwinobwino, wosasakanikirana ndi madzi.

Mayi aja anafuna kunyamuka nthawi yomweyo, koma mmisiriyo anayamba waiyendetsa yekha mu M1 n'kubwerera, muvi uli pakati. Anawauza kuti abwerenso mawa m'mawa injini isanatenthe, adzaone ngati coolant watsika ndi kukunganso malamba, ndipo pampu yakale anawaikira m'jumbo kuti akaonetse kunyumba chomwe alipirira.