Liŵiro la m'Chitenje ku Mangochi

Munthu wochokera ku mapiri ozizira a Dedza, akatsika pa Khwekhwelere ndi kudutsa pa Golomoti, amayamba kuvula chimodzichimodzi zimene anavala m'bandakucha. Juzi ndiyo iyamba, jekete itsatira, ndipo pofika pa mphambano ya ku Monkey Bay kansalu kopukutira thukuta kamasanduka chuma chake chachikulu. Mapaini ndi minda ya kachewere zimatsalira kumtunda. Kuno kuli milambe ikuluikulu, migwalangwa, ndi mbuzi zogona pamseu zosafuna kupatukira galimoto. Kuchokera pa mphambanoyo mseu umatsata gombe la nyanja kufikira pa boma la Mangochi, pamene mtsinje wa Shire, utangotuluka kumene m'Nyanja ya Malaŵi, umayenda mwaulemu kunka ku Nyanja ya Malombe.

Kumeneko ndiko ndinapita m'mwezi wa Okutobala, mwezi umene ngakhale eni ake a kunyanja amauopa chifukwa cha kutentha, ndipo chimene ndinapitira chidzaseketsa ena mwa anzanga: ndinakathamanga. Mwana wa mlongo wanga, amene ali namwino kuderalo, ananditumizira uthenga kuti achinyamata pamodzi ndi antchito a zaumoyo akonza liŵiro la makilomita 5 pa Loŵeruka loyandikana ndi Tsiku la Anakubala, limene timakumbukira pa 15 Okutobala. Cholinga chinali kusonkhanitsa ndalama zogulira zofunika m'chipinda chochiliramo amayi. Lamulo linali limodzi lokha, lakuti aliyense, mwamuna kapena mkazi, athamange atamanga chitenje. "Amalume," anatero, "simudzapikisana ndi munthu. Mukatopa mudzayenda. Koma mubwere ndithu."

Aŵerengi achikulire adzakumbukira Big Walk ya masiku aja, pamene tinkayenda ndi pepala khomo ndi khomo, anthu nalonjeza matambala akutiakuti pa mailo imodzi, kenaka ife n'kuyenda mpaka mapazi kutupa. Liŵiro la mtundu uwu ndi mphwake wa Big Walk. Silifanana ndi marathoni ya makilomita 42, kapena Porters' Race imene imakwera ndi kutsika phiri la Mulanje, kapenanso Comrades imene ana athu a ku Joni amatisimbira, yothamanga makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg kuyambira m'chaka cha 1921. Imeneyo ndi mipikisano ya anthu okonzekera miyezi yambiri. Ili ndi la munthu wamba, ndipo kaŵirikaŵiri limakhala ndi mutu wake umene umaonekera m'zovala. Ku America kuli liŵiro lotchedwa Color Run, kumene othamanga amavala zoyera, anthu nawawaza ufa wa mitundumitundu panjira. M'mizinda yambiri ya ku Ulaya, ikafika Disembala, makamu amathamanga atavala zofiira ndi ndevu zoyera za Father Christmas. Kwathu kuno lodziŵika kwambiri ndi Mother's Fun Run, limene kampani ya nyuzipepala ya Nation Publications Limited inayambitsa m'chaka cha 2005 ndi kumapita nalo m'maboma osiyanasiyana, kuti zipatala zipeze zipangizo za uchembere wabwino. A ku Mangochi aŵa anatengera nzeru yomweyo, koma mwa kukhoza kwawo kochepa.

Tinasonkhana isanakwane 6 koloko m'maŵa pa nsanja ya wotchi imene ili pafupi ndi mlatho. Okonza anasankha bwino tsiku, pakuti Lachisanu ndi la Asilamu, amene ali ochuluka m'boma lino, ndipo Lamulungu ndi la Akhristu. Loŵeruka linatikwanira nonse, kupatula abale athu a Sabata, amene ena mwa iwo anatumiziratu zopereka zawo dzulo lake.

Mphunzitsi sangaime pa malo otere osayamba phunziro, tsono mundilole. Nsanjayi inamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, pa nthaŵi imene tauniyi inkatchedwa Fort Johnston. Dzinalo linachokera ku linga limene Harry Johnston anamanga m'chaka cha 1891 kuti atseke njira ya malonda a akapolo imene inkadutsa pa mudzi wa Mfumu Mponda. Pambali pa nsanjayo pali mfuti yaikulu yochokera m'sitima ya nkhondo ya Gwendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pa gombe ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julaye 1946 kumpoto kwa nyanja. Anthu ambiri amadutsa pamenepa tsiku ndi tsiku osaŵerenga mawu olembedwawo. M'maŵa umenewo mfuti ya Gwendolen inali itasanduka poyanika majuzi ndi poikapo mabotolo a madzi.

Koma zovalazo! Amayi sanavutike, pakuti chitenje ndi chawo, angochikweza pang'ono ndi kuchimanga zolimba. Vuto linali kwa ife abambo. Ena anachimanga m'chiuno monga asodzi, ena anachikoloŵeka paphewa monga mafumu a Angoni, ndipo wapolisi wina wonenepa anachita kumangidwa ndi amayi aŵiri, mmodzi uku wina uku, khamu lonse likufa ndi phwete. Anyamata ena anabereka mitsamiro kumbuyo ngati makanda. Ine ndinavala cha mayi a kunyumba, chobiriŵira, pamwamba pa kabudula wautali, ndi nsapato za mphira zimene ndimavala pophunzitsa zamaseŵero.

Wenzulo atalira, achinyamata anangoti fwa, ndipo sitinawaonenso mpaka pobwerera. Tinatsala ife a kumbuyo: aphunzitsi angapo, mayi wina wogulitsa usipa pa msika, wapolisi uja, ndi mkulu wina wa chipeŵa choyera cha Chisilamu amene anandipatsa moni wa Chiyao, "Ajimwiche uli?", nandiperekeza njira yonse. Chinthu choyamba chimene chitenje chimaphunzitsa mwamuna ndi kuchepetsa mapazi. Ukati utambasule mwendo monga unazoloŵerera, nsalu imakugwira m'maondo. Uyenera kuponda pafupipafupi, mosadumpha, ndipo ndinapeza kuti kathamangidwe kameneka ndi koyenera munthu wa zaka zopitirira 50, pakuti sikagwedeza mfundo za miyendo.

Pa mlatho ndinachepetsa liŵiro mwadala. Mlatho umenewu, wotchedwa Bakili Muluzi, unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo ndi malo abwino koposa oonera Shire. Dzuŵa linali likutuluka kumene kuseri kwa mapiri a ku Namwera, madzi ali phee ngati mafuta. Asodzi anali kubwerera m'mabwato awo, amayi akutsuka mbale m'mphepete mwa bango, ndipo mbalame zoyera zinadutsa pansi pathu m'mzere umodzi. Anyamata a kabaza ankaliza mabelu potipatukira, wina nafuula, "Agogo, kwerani, sitikaulula!" Mkulu wa chipeŵa uja anamuyankha m'Chiyao mawu amene anaseketsa mlatho wonse.

Lamulo langa pa liŵiro linali lapafupi, ndipo ndilipereka kwa makolo anzanga: ngati sungathe kunena chiganizo chathunthu kwa mnzako wa pambali, leka kuthamanga, yenda. Mpweya ukabwerera, yambanso. Motero tinkathamanga mitengo ya magetsi itatu ndi kuyenda umodzi. Ndipo iye amene ali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi kapena ya shuga ayambe wakaonana ndi a chipatala. Okonza athu anaika namwino ndi makina oyezera pa nsanja paja, ndipo abambo aŵiri anawalangiza kuti angoyenda. Ichi ndinachiyamikira kwambiri, pakuti ambiri a msinkhu wathu timayenda ndi matenda ameneŵa osadziŵa.

Tsidya la kum'maŵa, pamalo pokhotera, panali tebulo la madzi, ndipo mwana wa mlongo wanga anali pomwepo. Tsidya limeneli kuli misewu iŵiri yofunika: wina umakwera mapiri kunka ku Namwera ndi ku chipata cha Chiponde, wina umatsata gombe kudzera ku Malindi mpaka ku Makanjira. Akundipatsa kapu, analoza mseu wachiŵiriwo.

"Amalume, mwatopa?"

"Pang'ono, mwanangu."

"Mwathamanga makilomita aŵiri ndi theka. Ku Makanjira ndi pafupifupi 100. Mayi akavutika pochira kumeneko, mwana atakhala mopingasa kapena magazi akakana kuleka, ayenera kudutsa mseu wonsewo kuti afike kumene madokotala angamuchite opaleshoni. M'nyengo ya mvula mitsinje yakhala ikudula mseuwo."

Sananene zambiri, pakuti ena anali kufuna madzi. Koma pobwerera sindinaonenso mbalame. Ndinali kuŵerengera m'mutu monga ndimachitira ndi ana a Sitandade 7. Kafukufuku wa boma wa m'chaka cha 2004 anapeza kuti mwa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 984 ankataya moyo pa zifukwa za uchembere. Wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza 439. Chiŵerengero chinatsika koposa theka, ndipo tiyenera kuthokoza anamwino, azamba ndi mafumu amene analimbikitsa amayi kukachilira ku chipatala. Komabe 439 si nambala yaing'ono kwa munthu amene anaimapo pa manda a mayi wosiya khanda la masiku atatu. Zimene zimapha amayiŵa n'zodziŵika: kutaya magazi, kukwera kwa magazi, matenda oloŵa pambuyo pa kuchira, ndi kuchedwa panjira. Zina mwa zimene zimawapulumutsa n'zazing'ono zedi, monga magolovesi, makina oyezera magazi, nyali yodalirika usiku, ndi mafuta a ambulansi.

Ndinafika pa nsanja patatha mphindi 48, dzuŵa litayamba kale kuluma m'khosi. Panalibe mendulo. Panali thobwa lozizira, nthochi, ndi amayi oimba nthungululu kwa aliyense wofika, ngakhale wapolisi uja amene anafika chitenje chili m'manja.

Pano ndinene maganizo anga, pakuti si liŵiro lililonse lotere limene ndingaliyamikire. Ndaonapo ena m'mizinda kumene ndalama zambiri zimathera pa malaya osindikiza, zokuzira mawu ndi chakudya cha alendo olemekezeka, kotero kuti chofika kwa odwala chimakhala nyenyeswa. Mutu wa chitenje unali wanzeru pa chifukwa ichi, kuti palibe anagula chovala chatsopano, aliyense anatenga cha m'nyumba. Ndipo tisanabalalike, msungichuma anaŵerenga poyera ndalama zimene zinaloŵa ndi zimene zinatuluka, natchula katundu amene akagule. Achinyamata amene mukufuna kukonza zotere kwanu, musaiŵale mbali imeneyi. Munthu amene wapereka thukuta lake ali ndi ufulu wakumva kumene kwacha yake yapita. Kwa makolo amene amakayika kulola ana aakazi, ndinene kuti ndinaona atsikana akuthamanga modzilemekeza pamodzi ndi amayi awo, dzuŵa lili poyera, ndipo pofika 9 koloko onse anali kwawo. Chimodzi chokha ndichenjeze: thupi likatentha, madzi a Shire amakopa, koma muli ng'ona, ndipo m'madzi osaya a m'bango ndimo mumakhala nkhono za likodzo.

Lolemba, ndisanabwerere kumudzi, ndinapatukira ku Cape Maclear, kumene eni ake amati ku Chembe. Kumeneku ndiko sitima ya Ilala yoyamba inafikitsa E. D. Young, Dr Robert Laws ndi anzawo mu Okutobala 1875, nayamba Livingstonia asanasamukire ku Bandawe m'chaka cha 1881 chifukwa cha malungo. Manda a amishonale ena alipobe pansi pa phiri, m'kati mwa Lake Malawi National Park. Miyendo yanga inali yolimba ngati mitengo, choncho ndinayenda pang'onopang'ono pa mchenga, pakati pa matandala oyanikapo usipa, mpaka ndinakhala pansi pafupi ndi nkhalamba ina imene inali kusoka ukonde. Itaona kayendedwe kanga inafunsa ngati ndadwala, ndipo ndinaifotokozera zonse.

"Ndiye mwati munalipira ndalama kuti muthamange?"

"Inde, bambo."

"Wokuthamangitsani panalibe?"

"Panalibe."

Inaseka mpaka kutsokomola, niitana mnzake kuti adzamve. Koma nditatchula za chipinda cha amayi, inaleka kuseka, nibweza maso pa ukonde.

"Mwana wathu woyamba anabadwira m'bwato," inatero, "tikupalasa kunka ku Monkey Bay usiku, mwera ukuomba. Mwanayo alipo, ali ku Joni. Mayi ake ndiwo sanafike."

Inamanga mfundo, niluma ulusi ndi mano, ndipo inandifunsa ngati chaka chamaŵa adzalola munthu wothamanga wopanda nsapato.