Nyumba za ku Chimwemwe ndi Thumba la Khonsolo

Mlendo wochokera kum'maŵa akatsika basi mu Kitwe, m'makutu mwake mumangomveka Chibemba. Koma akamva kondakitala akuitanira a ku Chimwemwe, mtima umakhala pansi, pakuti dzinali ndi lakwathu. Ifenso tidakwera minibasi yotere pokaona abale athu, ndipo tidatsikira pafupi ndi msika wa Nakadoli, pakati pa matumba a makala ndi milu ya kapenta.

Kitwe adakula ndi eni aŵiri. Wusakile, Chamboli ndi Mindolo ndi makomboni amene kampani ya mgodi idamangira antchito ake. Chimwemwe ndi komboni ya khonsolo. Nyumba zake zidali za khonsolo, ndipo okhalamo ankapereka lendi mwezi ndi mwezi. Lendi imeneyo inkathandiza kulipira wosesa mseu, wokumba ngalande, wotola zinyalala ndi kalaliki wa mu ofesi.

Mu 1996, chaka cha chisankho, Pulezidenti Frederick Chiluba adalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo, pa mtengo wotsika kwambiri. Mai amene adatilandira adaloŵa kuchipinda natitulutsira mapepala a nyumba yao, okulungidwa bwino m'pulasitiki. Iwo adati, "Bambo a kuno atamwalira, panalibe wondithamangitsa. Ana anga onse akulira pakhomo pano." Kuseli adamangako zipinda ziŵiri zalendi, ndipo ndalama za zipindazo ndizo zidaphunzitsa anawo. Mphatso yotere sitingaipeputse.

Koma paja akulu adati walira mvula walira matope. Nyumba zitapita, lendi idapita nazo. Madzi nawonso adachoka m'manja mwa khonsolo: potsata lamulo la 1997, ntchitoyo idapatsidwa kwa kampani ya Nkana Water and Sewerage, imene idayamba kutumikira mu 2000. Pa nthaŵi yomweyo makhonsolo adali atasenza kale katundu wina, chifukwa lamulo la 1992 lidakakamiza wantchito aliyense amene wagwira ntchito zaka 22 kuti apume. Anthu ambiri adapuma nthaŵi imodzi, thumba loŵalipira lili lobooka.

Tili pakhonde padafika mkulu wina amene adagwirapo ntchito yokumba ngalande m'khonsolo ya tauni ina ya ku Migodi. Titamfunsa za ndalama zake zopumira, adaseka pang'ono. "Ana anga, nsapato zidatha ndi ulendo wa ku ofesi. Lero fayilo yasoŵa, maŵa wosaina wapita ku msonkhano. Pamene ndalama zinkabwera, zinali zosakwana ndi njinga yomwe." Sadanyoze kalaliki ai. Adati kalalikiyo nayenso ankakhala miyezi osalandira malipiro.

Mavutoŵa ali ndi muzu wina, ndiwo ndale. Lamulo la 1980 lidaphatikiza khonsolo ndi chipani cha UNIP, kotero kuti khadi la chipani linkatsekula zitseko zimene satifiketi ya sukulu inkalephera. Lamulo la 1991 lidalekanitsa ziŵirizi, ndipo mu 1992 anthu adasankha makhansala a zipani zosiyanasiyana. Komabe chizoloŵezi sichifa msanga. Kwa zaka zambiri, pansi pa maboma osiyana, anyamata a zipani ankatolera ndalama m'misika ndi pa masiteshoni a basi m'mizinda yathu, ndalama zoyenera kuloŵa m'thumba la khonsolo.

Zina zasintha. Kuyambira 2016 meya amasankhidwa ndi anthu onse a mumzinda, osati ndi makhansala okha. Mu 2022 boma lidakweza ndalama za chitukuko za dera lililonse la phungu, zotchedwa CDF, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo ndalamazo zimadzera ku khonsolo. Chimwemwe pokhala dera la phungu palokha, ali ndi gawo lake. Ndalama zambiri zikadzera pa khomo limodzi, pafunikanso maso ambiri.

Tsono inu eni nyumba a ku Chimwemwe, ndi ife tonse okhala m'matauni, tidzifunse. Kodi msonkho wa nyumba timapereka? Tikapereka pamsika, kodi timaitanitsa lisiti? Khansala wa wadi yathu timamdziŵa, kapena tidamuona pa kampeni pokha? Ndipo mwana wathu akafuna ntchito ku khonsolo, timamtuma ndi satifiketi kapena ndi dzina la wachibale wamkulu? Amene adasanduka mwini nyumba adasandukanso mwini mzinda, ndipo mphotho ya wosesa mseu ili pa chikumbumtima chake.

Tsiku lonyamuka kudagwa mvula yamphamvu. Ngalande ya kutsogolo kwa nyumba idatsekeka ndi mapulasitiki, madzi nayamba kuloŵera kukhonde. Mkulu uja adabwereka fosholo kwa mai aja, nakwinya buluku lake, nayamba kufukula monga ankachitira kale. Anyamata aŵiri adamuyang'ana kanthaŵi, kenaka mmodzi adamlanda fosholoyo.