Nyamakazi ndi Njira ya ku Chawe

Ndinakulira m'tsinde mwa phiri la Zomba. Pa utsikana wanga ndinkakwera ku Chawe wapansi, ndi kutsika dzuŵa lisanaloŵe, mtolo wa nkhuni uli pamutu. Lero ngakhale kutsegula botolo kumandikanika.

Nthenda yanga ndi nyamakazi yotupitsa mfundo, imene madokotala amaitcha rheumatoid arthritis. Si ya ukalamba ayi: chitetezo cha thupi ndicho chimaukira mfundo za mwini wake. M'maŵa zala za manja onse aŵiri zimauma gwa kwa ola lathunthu, makamaka mu June, chiperoni chikakuta phiri.

Poopa ululu ndinadzigoneka pamphasa miyezi itatu. Ana anga, mwa chikondi chawo, anandilanda ndi tsache lomwe. "Amayi, pumulani," ankatero. Tsiku limene ndinafuna kudzuka, maondo anakana kuwongoka.

Dokotala ndiye anandidzudzula: mfundo yosayendetsedwa imauma, minofu yoichirikiza nifooka. Tsopano ndimaviika manja m'madzi ofunda ndi kupinda chala chilichonse pang'onopang'ono. Kenaka ndimayenda mphindi 20 ku Botanical Gardens, posankha tinjira topanda chitunda. Mankhwala sindidumphitsa. Mfundo ikatupa ndi kutentha, ndimaipumitsa, ndi kungoiyendetsa mofatsa.

Koma mtima suvomereza msanga. Tsiku lina ndinadzikhulupirira, ndipo ndinakwera mpaka ku damu la Mulunguzi. Dokotala anali atandichenjeza kuti ululu ukapitirira maola aŵiri munthu atayenda, ndiye kuti wapyola muyeso. Wanga unatha masiku anayi. Ndinayambanso ndi mphindi 10, ndipo tsopano wotchi amagwira ndi mdzukulu wanga.